Chithunzi Chong'ambika cha M'bokosi Mwanga

Anzanga amene timagona chipinda chimodzi adziwa kuti m'kati mwa chivundikiro cha bokosi langa lachitsulo munamatidwa chithunzi cha sitima ya pamadzi, yotuwa ngati phulusa, yolembedwa P222 m'nthiti mwake. Ena amati ndi Ilala yangopakidwa utoto wina, ena amati ndinachidula m'nyuzipepala kuti ndiziopsezera a Fomu 1. Ambiri andifunsa chifukwa chake chithunzicho chinang'ambika pakati ndi kulumikizidwanso ndi selotepi, koma ine ndakhala ndikuzemba funsoli. Tsopano popeza akonzi a magazini athu apempha kuti yense alembe chinthu chimene chinamuchitikiradi, ndati ndiulule zonse pano, kuti nditule katundu amene ndayenda naye zaka zinayi.

Kwathu ndi ku Nkhotakota, m'mbali mwa nyanja. Atate anali mmisiri wokhoma maboti amatabwa, ndipo ana awo aamuna tinalipo awiri, achimwene ndi ine, osiyana zaka 10. Ndili wamng'ono, tsiku lofika Ilala linali tsiku lalikulu kwa ife. Sitimayo sinali kufika pagombe, pakuti madzi a kwathu ndi osaya. Inali kuponya nangula patali, ndipo maboti ake ndiwo anali kutuma anthu ndi katundu. Atate anali kuika dzanja pamphumi, naipenya nthawi yaitali, ndi kutiuza kuti inapangidwa ku Scotland mu 1949, inabwera ili zidutswazidutswa kudzera ku Beira, niyamba kuyenda panyanja yathu mu 1951. Anali kumaliza ndi mawu akuti mmisiri weniweni amadziwika patapita zaka, osati tsiku limene wapaka utoto.

Achimwene sanatengere ntchito ya matabwa, anakonda za makina. Atatha Fomu 4 anakaphunzira umakaniki, ndipo asodzi onse a pagombe pathu anali kubwera nazo kwa iwo injini za maboti zikafa. Chakumapeto kwa 2018 kunamveka kuti boma la Britain lafewetsa lamulo, kotero kuti anyamata a m'maiko a Commonwealth anatha kupempha usilikali wa kumeneko ngakhale asanakhaleko zaka zisanu monga kale. Achimwene analembera, nawayankha. Ndalama ya ndege kunalibe, tsono atate anagulitsa boti latsopano limene anadzikhomera okha kuti adzapumire pa ilo atakalamba. Mu 2019 achimwene ananyamuka. Anakhala milungu 10 ku HMS Raleigh ku Cornwall, kenaka anakaphunzira za injini ku HMS Sultan ku Gosport. Ine ndinali kuyesa kuti zimenezi ndi sitima, koma anandiseka m'kalata, nati ndi masukulu apamtunda amene anangopatsidwa maina ngati a sitima. Mu 2020 m'pamene kunafika envulopu yokhala ndi chithunzi chimene ndikunenachi, ndipo kumbuyo kwake analemba kuti, "Mphwanga, iyi ndiyo nyumba yanga tsopano."

Ndifotokozeko pang'ono za sitimayi, pakuti ndinaloweza zonse monga mwana aloweza katekisimu. Dzina lake ndi HMS Forth, dzina la mtsinje wa ku Scotland. Ndiyo yoyamba mwa sitima zisanu zofanana, ndipo zinzake ndi Medway, Trent, Tamar ndi Spey, onsewa maina a mitsinje. Chitsulo chake choyamba anachidula mu Okutobala 2014 ku Govan, mumzinda wa Glasgow, m'mbali mwa mtsinje wa Clyde. Inalowa m'madzi mu 2016, nilandiridwa m'gulu la nkhondo la pamadzi mu Epulo 2018 ku Portsmouth. M'litali mwake ndi mamita 90, kutanthauza kuti itaikidwa pabwalo lathu la mpira ingatsale pang'ono kugunda magoli onse awiri, pamene Ilala ndi mamita 52 okha. Imalemera matani pafupifupi 2,000. Ikathamanga zedi imatha makilomita pafupifupi 45 pa ola limodzi, ikhoza kuyenda makilomita oposa 10,000 osamwetsanso mafuta, ndipo chakudya chimene imanyamula chimakwana masiku 35. Kutsogolo kuli mzinga umodzi wa mamilimita 30, kumbuyo kuli bwalo loterapo helikopita, ndipo m'mbali muli maboti awiri aliwiro otsitsira m'madzi pofuna kukaona chombo china.

Mu Novembala 2019 inachoka ku Portsmouth, ndipo mu Januwale 2020 inafika ku zilumba za Falkland, kumwera kwenikweni kwa nyanja ya Atlantic, kukalowa m'malo mwa sitima ina yotchedwa HMS Clyde. Zilumbazi zili makilomita pafupifupi 500 kuchokera ku gombe la Argentina, ndipo kuli anthu ngati 3,500 okha, nkhosa ndizo zambirimbiri. Dziko la Argentina limati zilumbazo ndi zake, nilizitcha Malvinas, ndipo mu 1982 linamenyana ndi Britain nkhondo ya masiku 74 imene inapha anthu oposa 900. Chiyambire nthawi imeneyo Britain sasiya malowo opanda mlonda. Ntchito ya Forth inali kuzungulira zilumbazo, kuchezera midzi yakutali, kukhala yokonzeka kupulumutsa zombo zokomana ndi tsoka, ndi kupita nthawi zina ku South Georgia, chilumba cha madzi oundana ndi mbalame zosauluka zotchedwa penguin, makilomita ngati 1,400 chakummawa. Sitimayo sinali kubwerera ku England. Amalinyero ndiwo anali kusinthana m'magulu atatu, awiri ali pantchito, limodzi lili kopuma kapena kophunzira.

Nditalandira chithunzicho ndinatupa ngati finye. Ku sukulu ya pulayimale ndinali kuuza anzanga kuti achimwene ndiwo amaomba mzinga uja, ndi kuti anamiza kale zombo zingapo za adani. Bodza limeneli linandikomera kufikira tsiku limene ndinawafunsa pafoni, anzanga atandizungulira, kuti aomba kangati. Anayankha moseka kuti mzingawo amangouona akamapita kokadya, pakuti iwo amakhala pansi, m'chipinda cha makina, kuyang'anira injini ndi majenereta, ndipo sitima yawo sinamenyepo nkhondo. Anzanga anaseka mpaka kugwira m'mimba. Wina anati, "Ndiye kuti achimwene akowo ndi makaniki basi, ngati pagombe pompano!" Ndinachita manyazi kwambiri, ndipo kunena zoona kuyambira tsiku limenelo ndinayamba kuwapeputsa mumtima.

Kenaka inafika Januwale wa 2021. Nonse mukumbukira mwezi umenewo, pamene matenda a Covid-19 anakula m'dziko muno kotero kuti nduna ziwiri za boma zinamwalira tsiku limodzi, pa 12 Januwale, ndipo masukulu anatsekedwa. Chakumapeto kwa mweziwo atate anayamba kutsokomola ndi kubanika. Anayesa kufukiza masamba a bulugamu, koma sizinathandize, ndipo anawatengera kuchipatala. Atagonako masiku asanu anatisiya. Maliro awo sanagone m'nyumba monga mwa mwambo wathu. Anabwera nawo anthu ovala zoyera kuyambira kumutu kufikira kumapazi, nawaika m'manda tsiku lomwelo, ife titaima patali ngati alendo. Ine ndinali ndi zaka 13. Ndinayang'ana uku ndi uku kufuna munthu wondigwira dzanja, koma amayi anali atagwiridwa ndi amayi anzawo, ndipo amene anayenera kuima pambali panga anali kutsidya kwa dziko lapansi.

Patapita masiku awiri foni inalira. Amayi analankhula nawo akulira, kenaka anandipatsa foniyo, nati, "Lankhula ndi achimwene ako." Ine ndinaiika pamkeka, ndi kuthawira kunyanja.

Pa 5 Malichi katemera woyamba anafika m'dziko muno, atate atagona kale m'manda milungu isanu. Ndipo mu Epulo achimwene anatumiza chithunzi china pafoni ya amayi, cha phiri lalikulu lotuluka m'nyanja, mutu wake uli m'mitambo. Analemba kuti sitima yawo yakapereka katemera ku chilumba chotchedwa Tristan da Cunha, kumene kuli anthu ngati 250, ndipo matendawo anali asanafikeko n'komwe. Anansi athu anati, "Mwana wanu akugwira ntchito ya Mulungu." Koma ine mtima unandiwawa koopsa. Ndinati mumtima, atate anagulitsa boti lawo kuti munthu uyu akapulumutse anthu osawadziwa, amene sakudwala ndi kudwala komwe, pamene iwo anafa opanda katemera, naikidwa mwana wawo woyamba palibe! Ndinalowa m'nyumba, ndinachotsa chithunzi cha sitima chija pakhoma, ndi kuching'amba pakati. Amayi sananene kanthu. Anatola zidutswazo, naziika m'buku lawo la nyimbo.

Mu 2022 ndinasankhidwa kudza pasukulu ino. Fizi, yunifolomu, nsapato, ngakhale bokosi lachitsulo lija, zonse zinagulidwa ndi ndalama zochokera m'chipinda cha makina chimene ndinali kuchinyoza. Ndinali kulandira ndalamazo, koma osalemba ngakhale liwu limodzi lothokoza. Chaka chomwecho achimwene anabwera kumudzi kudzaona manda, nafikanso kuno kudzandiona atanyamula buledi ndi shuga. Ena a inu munawaona ataima pansi pa mtengo wa pafupi ndi ofesi. Ndinaima nawo mphindi zochepa, ndikungoyankha kuti "inde" ndi "ayi", kenaka ndinanama kuti belu la sitade lalira. Anandiyang'ana, nati, "Chabwino, mphwanga, pita ukawerenge." Buledi uja ndinadya ndithu usiku womwewo, ndipo ndilemba zimenezi ndi manyazi.

Chimene chinanditembenuza ndi phunziro la Jogalafe tili Fomu 2. Aphunzitsi anali kufotokoza za mphepo za kumwera kwa dziko, pakati pa madigiri 40 ndi 50, kumene mtunda woitchinga mphepo ndi wochepa, kotero kuti imazungulira dziko lonse ikukokera mafunde aatali kuposa nyumba. Amalinyero akale anazitcha Roaring Forties chifukwa cha kubangula kwake. Pofuna kutidzutsa, pakuti kunali kotentha, anafunsa kuti ndani angaloze pamapu mudzi umene uli kutali ndi midzi ina yonse ya padziko. Onse anali chete. Ine ndinangozindikira ndaimirira, ndapita kubolodi, ndaika chala pa kadontho ka pakati pa nyanja. Aphunzitsi anadabwa, nafunsa kuti ndadziwa bwanji, koma pakhosi panga panatsekeka, ndipo ndinabwerera pamalo panga osayankha.

Titaweruka anandiitana, ndipo ndinawauza zonse. Sanandikalipire. Anatenga rula, nayeza pamapu, nandionetsa kuti kuchoka ku Tristan da Cunha kufika ku St Helena, kumene kuli anansi awo apafupi, ndi makilomita ngati 2,400. Kufika ku Cape Town ndi 2,800. Ndipo kuchokera ku Falkland ndi pafupifupi 4,000, njira yake yodutsa m'kati mwa mphepo zomwe tinaphunzira zija. Anandiuza kuti pachilumbapo palibe bwalo la ndege, pali mudzi umodzi wokha wotchedwa Edinburgh of the Seven Seas ndi kachipatala kakang'ono, ndipo munthu akadwala kwambiri ayenera kudikira chombo ndi kuyenda panyanja pafupifupi sabata yathunthu. Anandiuzanso kuti mu 1961 phiri lija linaphulika, anthu onse nasamutsidwira ku England, koma mu 1963 ambiri anasankha kubwerera kwawo, pakuti kwanu n'kwanu. "Tsono taganiza," anatero aphunzitsi, "matenda aja akadalowa m'mudzi wotere, wokhala ndi nkhalamba zambiri, akadatsala angati? Iwe ndiwe wa kunyanja, udziwa mmene a ku Likoma ndi Chizumulu amapenyera kunjira Ilala ikachedwa." Kenaka anandifunsa mafunso awiri amene sanandigonetse tulo. Loyamba: "Katemera ameneyo akadapanda kupita ku Tristan, kodi atate ako akadauka?" Lachiwiri: "Kodi unayamba wawafunsa achimwene ako kuti tsiku la maliro anali kuti, ndipo anali kuchita chiyani?"

Mu Ogasiti 2023 achimwene anabweranso kudzamanga chiliza. Ntchito itatha, madzulo, ndinawapeza atakhala okha pagombe, pa boti limene atate analisiya losatha, matabwa ake atayamba kale kufumbwa. Mwera unali kuomba. Ndinakhala pamchenga chapatali pang'ono, ndipo nditalimba mtima ndinati, "Achimwene, tsiku limene atate anamwalira, inu munali kuti?"

Anakhala chete nthawi yaitali, kenaka anati, "Ndinali pansi pa madzi, mphwanga, pakuti chipinda chathu chili kunsi kwa mzere wa madzi. Tinali pakati pa nyanja. Mkulu wanga anandiitana, nandiuza, nati ndisiye ntchito ndikapume, ndipo tikafika padoko adzandithandiza za ulendo. Ndinakhala pabedi ndi kuwerenga masiku: ofikira padoko, odikira ndege ya ku England, ndi malamulo a matenda amene anatseka njira ya pakati pa Britain ndi maiko a kuno mwezi womwewo. Ndisanathe kuwerenga ndinamva kuti aikidwa kale. Tsono ndinapempha kuti andibwezere pantchito."

Ndinafunsa kuti chifukwa ninji. Anati, "M'chipinda chogona timagona ambiri. Koma pafupi ndi injini pali phokoso lalikulu, ndipo aliyense amatseka makutu. Kumeneko munthu ukhoza kulira mofuula monga tilirira kwathu, popanda wokumva."

Pamenepo misozi inayamba kutsika m'masaya mwanga. Iwo anapitiriza, nandiuza za ulendo wa mu Epulo. Katemerayo anabwera pandege kuchokera ku England kufika ku Falkland, nalowetsedwa m'sitima. Anayenera kusungidwa pozizira, pakati pa madigiri 2 ndi 8. Akatentha kapena kuundana, watha ntchito, ndipo palibe sitolo pakati pa nyanja yokagulako wina. Kuzizirako kumadalira magetsi, ndipo magetsi a m'sitima amachokera ku majenereta amene iwo ndi anzawo anali kuyang'anira usana ndi usiku, sitima ikupendekera uku ndi uku kotero kuti munthu sungaime osagwira chitsulo. "Anzanga anagwira ntchito bwino," anatero, "koma m'sitima monse muja ndine ndinali kudziwa bwino chimene chimachitika katemera akachedwa milungu isanu. Nthawi yanga ikatha sindinali kufuna kuchokapo." Pachilumbapo sanapondepo phazi. Anangokwera pamwamba, naona phiri lija ndi tinyumba m'tsinde mwake, najambula chithunzi, nachitumiza kwa amayi poganiza kuti chidzatitonthoza.

Ndinagwada pamchenga, ndi kunena kuti, "Achimwene, ndinakulakwirani. Ndinang'amba chithunzi chanu." Anaseka pang'ono misozi ili m'maso, nati amayi anawauza kalekale. Kenaka anandiuza chinthu chimene anali kusunga kuti adzauze atate pamaso: kuti Forth, itachoka ku Govan, anakaimalizira ku Scotstoun, tsidya lina la mtsinje womwewo, pamalo pomwe kampani ya Yarrow inapangira Ilala mu 1949. Tinakhala chete tonse awiri, pakuti tinadziwa mmene atate akadaikira dzanja pamphumi pakumva zimenezi.

Sindifuna kuti wina aganize kuti ndikunena kuti sitima ya nkhondo ndi ambulansi. Mzinga uja sanauike kuti ukhale chokongoletsa, ndipo Forth anaitumiza kumwera chifukwa cha mkangano wa maiko awiri umene sunathe. Anthu a ku Falkland anavota mu 2013 kuti akhalebe pansi pa Britain, atatu okha ndiwo anakana, koma Argentina sanavomereze. Mlandu umenewu ndiusiyira a kalabu ya mtsutso. Chimene ndinaphunzira ine ndi chaching'ono. Ndinali kuyesa kuti ulemu wa msilikali uli pa kuomba mfuti, ndipo ndinachita manyazi kuti mbale wanga ndi makaniki. Koma ntchito ya sitima yolondera ifanana ndi ya alonda athu amene amazungulira mahositelo usiku ndi tochi: tsiku limene agwira bwino ntchito ndilo tsiku limene sipachitika kanthu, ndipo m'mawa palibe wowathokoza. Ngakhale asilikali athu a pamadzi a ku Monkey Bay, ambiri timawakumbukira pokhapokha madzi akasefukira kapena boti likagubuduzika. Anthu 250 aja sadziwa kuti pansi pa sitima imene inaima kugombe kwawo panali mwana wa mmisiri wa ku Nkhotakota ali pamaliro, ndipo iye sanafune kuti adziwe.

Tsiku lobwerera kusukulu amayi anatsegula buku lawo la nyimbo, nandipatsa zidutswa ziwiri zija. Anazisunga zaka ziwiri ndi miyezi inayi osanena kanthu. Ndinazilumikiza ndekha ndi selotepi ya mnzanga wa bedi loyandikana nalo, amene mpaka lero sanadziwe chimene ndinabwerekera. Achimwene anafuna kunditumizira chithunzi china chatsopano, koma ndinakana, pakuti mzere wong'ambikawo umandikumbutsa kuti ndinaweruza mlandu ndisanamve mbali ina.

Chaka chino ndilemba mayeso otsiriza, ndipo mtima wanga uli pa za injini za pamadzi. Amayi akuti nyanja inawatengera kale mwana mmodzi kutali, sangaperekenso wachiwiri. Achimwene akuti ndiyambe ndakhoza Masamu ndi Fizikisi, zinazo tidzakambirana. Nkhaniyi sinathe kunyumba kwathu, ndipo ndikapita kutchuthi idzayambiranso. Koma kwa inu anzanga, makamaka a Fomu 1, ndili ndi pempho limodzi. Ambiri a ife tili pano chifukwa cha wina amene ali kutali, ku Johannesburg, ku minda ya fodya kapena ku tauni, amene sanafike pamaliro kapena paukwati, ndipo tili naye kanthu kukhosi. Musanang'ambe chithunzi chake, yambani mwamufunsa kuti tsiku limenelo anali kuti. Ine ndinachedwa zaka ziwiri ndi theka kufunsa funso lalifupi limeneli, ndipo masiku onsewo ndinali kudya buledi wake.

Wa Fomu 4